Chikhomo cha pa Mzere wa ku Doko Lakale

Zimene ndataya chaka chino ndi izi. Mkazi wanga, Asiyatu. Mwana amene anali m'mimba mwake, yemwe sitinamuone nkhope. Tulo. Munthu wondinong'oneza kuti akubwera apoyo ndi mwana wa ndani, ndipo ndimupatse moni wotani. Mwina Loweruka likubwerali nditayanso nyumba ino pamodzi ndi mwana wanga Mariamu, koma zimenezo sindinaziike pamndandandawu.

Ndikulankhula ndi inu, zidzukulu zanga, ngakhale simunabadwe. Mayi wanu Mariamu ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo dzino lake lakutsogolo likugwedera. Ine agogo anu ndilibe imvi ngakhale imodzi. Musaseke. Ndikudziwa kuti nkhani zoterezi amakamba ndi anthu oyendera ndodo. Koma sindikudziwa ngati ndidzakhale pafupi mukamadzakula, ndipo zimene Asiyatu anandiuza za dera lino ndikuopa kuti zingathere mwa ine. Mariamu sindingamuuze panopa. Akangomva dzina la amayi ake amakaima pakhomo n'kumayang'ana kunjira.

Loweruka ndi arobaini, sadaka imene Asilamu a kuno amachita pakatha masiku makumi anayi munthu atamwalira. Shehe adzatsogolera dua, anthu adzadya mpunga, ndipo akabalalika, abale a mkazi wanga adzakhala pansi kuti akambe zondisudzula. Kusudzula ndi kumasula mwamuna amene mkazi wake wamwalira, kuti abwerere kwawo akayambe moyo wina. Ine pano ndine mkamwini. Njerwa za nyumba ino ndinaumba ndine, koma nthaka imene yakhalapo ndi ya mbumba ya Asiyatu, ndipo mwana naye ndi wa mbumba.

Mwambo umenewu sindinauphunzire kuno. Kwathu ku Dedza nakonso ulipo. Amayi anga atamwalira ndinali wamsinkhu wa Mariamu yemweyu. Ndimakumbukira bambo anga akumangirira bulangeti ndi khasu panjinga, amalume ataima pambali manja ali kumbuyo. Palibe amene anakalipa. Bambo anandigwira pamutu, kenako anakankha njinga ija mpaka kumsewu osaikwera. Kuchokera pamenepo ndinkawaona pamaliro ndi pamaukwati, ndipo tinkapatsana moni ngati anthu odziwana kumsika. Ku koleji ndinaphunzira kuti malamulo a dziko amanena zina pa nkhani ya ana otsala. Ndikuwadziwa ndithu. Koma sungakokere apongozi ako kukhoti m'mawa, madzulo n'kukatunga nawo madzi pamjigo umodzi.

Tiyeni ndikuuzeni kaye za malo ano, chifukwa ndi anu, kaya ine ndidzakhalapo kaya ayi.

Dera lathu amalitcha Doko Lakale. Lili kumunsi kwa boma la Mangochi, m'mphepete mwa Shire, pamene mtsinjewu wangotuluka kumene m'nyanja. Inu mudzawoloka pamlatho maso ali pafoni, osadziwa n'komwe kuti pansipo pali madzi. Kale anthu a kutsidya, a ku Namwera ndi a ku Malindi, ankawolokera pano pamabwato, atanyamula mpunga, mbuzi ndi odwala. Amalume a Asiyatu, Che Bwanali, omwe ndi mwini mbumba yathu, anali mmodzi wa opalasa adakali mnyamata. Amati bwato lawo linali lalitali kwambiri, moti wakutsogolo akatukwana, wakumbuyo ankamva mawa lake. Asiyatu ankati bwato limenelo limakula chaka ndi chaka, ndipo posachedwa lidzangosanduka mlatho.

Mlatho weniweni utabwera, doko linafa koma anthu sanachoke. Opalasa anasanduka asodzi, ndipo akazi amene ankagulitsa zitumbuwa kwa apaulendo anayamba kuwamba nsomba. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki kunafika mabanja ena wapansi, atasenza mapoto ndi ana, ndipo anawapatsa malo kumtunda kwa mzikiti. Nkhondo itatha ena anabwerera, ena anatsala. Mnansi wathu Che Zuze anabwera ali kumsana kwa amayi ake. Lero amaphika buledi mu uvuni wa njerwa, ndipo amalankhula Chiyao chimene ine ndimangomvapo moni yekha. Iye ndi Mkatolika, koma m'mwezi wa Ramadani buledi wake amapsa nthawi yeniyeni yofuturu, pamene osala amayamba kudya, sachedwa ndipo safulumira. Amati uvuni wake unalowa Chisilamu iye asakudziwa.

Za chambo mwina mudzangozimva. Asiyatu ankati ali mwana, wina akamalira nthawi ya chakudya ankamuuza kuti kulibe china, adye chambo chomwecho. Lero chambo chimadutsa pano chili m'bokosi la ayezi, kupita kumalo ogona alendo ku Nkopola, ife n'kutsala ndi usipa ndi bonya. Sindikudandaula. Bonya wokazinga bwino ndi tomato ndi tsabola pang'ono samanyazitsa munthu. Agogo anu aakazi ankauphika mwa njira imene ine ndayesa kuitsatira m'masabata apitawa, koma Mariamu amangoutembenuza m'mbale.

Komabe chimene chimamanga Doko Lakale pamodzi si nsomba, si mzikiti, si ubale. Ndi Mzere.

Mzere ndi khoma ladothi lofika m'chiuno mwa munthu wamkulu, loyambira pamlambe wa padoko kukafika kumanda. Mtsinje uli mbali iyo, nyumba zathu zili mbali ino. Anaumanga agogo ake a Asiyatu ndi anzawo, chaka china madzi atalowa m'nyumba mpaka kuyandamitsa mitondo. Muyenera kudziwa kuti madzi a kuno sabwera tsiku la mvula. Mvula imagwa kutali kumpoto, nyanja n'kumadzaza pang'onopang'ono, ndiye kuno mvula ikamatha, kumwamba kuli mbee, madzi amayamba kukwera opanda phokoso. Ugona uli ndi dimba, udzuka uli ndi dziwe.

Nyumba iliyonse ili ndi chigawo chake pa Mzere, ndipo pachigawo chilichonse pali chikhomo chamtengo cholembedwa dzina. Dzinalo limakhala la mkazi, mwini malo. Chathu chinalembedwa kuti Asiyatu, ndipo kale chinali ndi dzina la amayi ake. Pafupi ndi mzikiti anapachikapo chitsulo cha gudumu la lole yakale. Chitsulocho chikalira, nyumba iliyonse imatumiza munthu wake weniweni ku Mzere. Waganyu saloledwa. Lamulo ndi lokhalo.

Panali wamalonda wina, mwini sitolo ya pamphambano, amene anaona ngati zimenezi n'zachikale. Chitsulo chitalira anatumiza anyamata aganyu amphamvu, ndipo kunena zoona chigawo chake chinaoneka bwino kuposa cha aliyense. Madzulo ake akuluakulu anazula chikhomo chake n'kukachigoneka pakhonde la sitolo. Palibe amene anamuthamangitsa kapena kumunyoza. Kungoti pa ukwati wa mwana wake mpunga unatsala m'mapoto, ndipo chaka chotsatira anasamukira kwina. Nditamva nkhaniyi ndinati kwa Asiyatu, dothi ndi dothi, kaya walisenza ndani. Iye anali akupeta mpunga, ndipo sanadzutse mutu.

"Waganyu sagona kuseri kwake," anatero. "Amene amagona kuseri kwake ndi amene amasinja mpaka polimba."

Ntchito yake imayenda chonchi. Amuna amakumba dothi lapachulu ndi kudzaza matumba a mchenga, achinyamata amadula bango loyala pakati, ndipo akazi amasinja dothilo ndi minsi kuti ligwirane. Inu minsi simudzaidziwa, ana a ufa wa m'mapepala. Munsi ndi mtengo wolemera wosinjira chimanga mumtondo. Zigayo zitachuluka, m'madera ena minsi anaisonkhera pamoto. Kuno ayi. Nyumba iliyonse imasunga munsi wake kuseri kwa chitseko chifukwa cha Mzere. Wathu uli pomwepo pamene ndikulemba pano. Pakati pake ndi posalala ndi pocheperako, pamene manja a Asiyatu ndi a amayi ake anapadya.

Ine ndinabwera kuno nditangomaliza koleji, kudzaphunzitsa pasukulu ina ya sekondale. Ndinatsika mapiri a kwathu paminibasi nditavala juzi, ndipo pofika ku Golomoti ndinali nditavula kale ndikupempha mpando wa pawindo. Ndinapeza chipinda cha lendi kuno ku Doko Lakale. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu, tayi ali m'khosi, mabuku ali m'khwapa, ndinapeza anthu ali pikitipikiti pa Mzere. Ndinaima n'kumaonerera ngati munthu wa boma. Kenako, pofuna kuoneka wochezeka, ndinati kwathu mizere yotere timabzalapo mbatata ya kachewere.

Mtsikana wina anaimika munsi wake, napukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kundiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi.

"Ndiye bwerani mudzabzale, Che Kachewere. Malo alipo."

Akazi onse anaseka, ndipo dzinalo linandikanirira. Ndisanamukwatire ndinalowa Chisilamu, shehe n'kundipatsa dzina loti Yusufu, koma silinaphuke. Ngakhale ana a sukulu amanditchula Che Kachewere ndikatembenukira kubolodi. Mukadzamva wina akutchula agogo anu choncho, musadzapse mtima. Anandipatsa ndi agogo anu aakazi, ndipo ndi mphatso yoyamba imene ndinalandira kwa iwo.

Zaka zonse za ukwati wathu, chitsulo chikalira amene ankapita anali Asiyatu ndi mchimwene wake. Ine ndikanyamula fosholo, Che Bwanali ankanditsekereza panjira akumwetulira.

"Aphunzitsi, manja a choko amenewo. Khalani, mutiyang'anire ana."

Ankanena mwaulemu, koma tonse tinkamva chimene akutanthauza. Mlendo sasenza dothi la eni ake. Ndinkabwerera, n'kukakhala pakhonde ndi ana a anthu, ndipo sindiname, zinkandiyenera bwino. Kenako mlamu wangayo anapita ku Joni ngati anyamata ambiri a kuno. Amatumiza zithunzi atavala majekete okhuthala. Mukayenda m'dera lino lero muona nyumba zamalata atsopano zambiri, koma Mzere watsala ndi akazi, nkhalamba ndi akamwini.

Chaka chino madzi akwera kuposa m'mene Che Bwanali anawaonerapo, ndipo pa nkhani imeneyi sakuwonjezera. Madimba a m'mphepete anamira. Migwalangwa imene ana ankasewera pansi pake yaima m'madzi. Mvuu zikumadya udzu pafupi ndi bwalo la mpira, ndipo ng'ona inagwira mbuzi pamalo pamene chaka chatha akazi ankayanikapo usipa. Nthawi yomweyo Asiyatu, ali ndi pakati pa miyezi yothaitha, anayamba kutupa miyendo ndi kumva mutu wosatha. Anamugoneka kuchipatala cha paboma. Mkulu wake, Patuma, anabwera kuchokera ku Namwera kumene anakwatiwa, kudzamudikirira. Ine monga mwamuna ndinkalowa nthawi yoona odwala yokha.

M'mawa wina ndili pambali pa bedi lake, foni yanga inalira. Anali Che Zuze, ndipo amalankhula mokweza ngati ali kutsidya la mtsinje, moti Asiyatu anamva zonse. Chitsulo chalira. Mzere wang'aluka pafupi ndi chigawo chathu, madzi ayamba kuchucha kunsi kwake.

Ndinatseka foni n'kunena kuti sindipita. Ndinati Che Bwanali amvetsa, ndipo ine sanandiitanepo n'kale lonse. Tsiku limenelo Asiyatu ankaoneka bwinoko. Anali atamwa phala, ndipo anali atangomunena Patuma kuti wamumanga duku ngati akupita naye kumsika wa mbuzi. Anandigwira pamkono nandiuza mawu ochepa. Ndiwanena kumapeto, chifukwa ndikawanena pano sinditha kupitiriza.

Ndinakwera kabaza, ndinatsikira kunyumba, ndinatenga munsi ndi fosholo. Nditafika pa Mzere, Che Bwanali anali pachigawo chathu yekha, akukoka thumba la mchenga limene silinkasuntha. Anandiyang'ana, anayang'ana munsi, ndipo tsiku limenelo za choko sanazitchule. Anangondilozera pamene panali mng'alu.

Ndinasenza dothi mpaka khosi linauma. Itafika nthawi yosinja, panalibe mkazi wa nyumba yathu, ndiye ndinagwira munsi ndekha. Sindinkadziwa kuti munsi suukankha, umangoukweza n'kuusiya ugwe ndi kulemera kwake. Mayi wina wa chigawo choyandikana nacho anandionetsa osalankhula, ndipo anachepetsa liwiro lake kuti tizigwetsa pamodzi. Che Zuze anadutsa ndi wilibala.

"Che Kachewere, mukasinja bwino pamenepo, chaka chamawa tikutumizani kunsondo, kuchinamwali cha atsikana, mukamalize maphunziro a chizimayi."

Ndinaseka. Ndikufuna mudziwe kuti ndinaseka. Dzuwa litapendeka mng'alu unali utatsekeka, madzi atasiya kuchucha. Malaya anga ndinali nditawakoleka pachikhomo, foni ili m'thumba mwake. Nditadzutsa mutu ndinaona Che Zuze ataigwira kukhutu, dzanja linalo akuvula chipewa.

Asiyatu tinamuika m'mawa mwake. Njira yakumanda inali itamira, choncho tinanyamula jeneza, chonyamulira maliro, podzera pamwamba pa Mzere, mmodzi kutsogolo kwa mnzake, mosamala. Tinadutsa pachigawo chathu. Dothi linali lisanaume, ndipo mabala a munsi ankaonekabe. Linalimba. Palibe amene anaterereka.

Za tsiku limenelo ndathera pamenepa.

Kuchokera nthawi imeneyo Patuma wakhala nafe kudikira arobaini. Musadzamuone ngati munthu woipa mukadzamva nkhaniyi. Ndi iye amene amaluka tsitsi la mayi wanu. Ine ndinayesapo kamodzi, mwana analira, ndipo anapita kusukulu mutu uli ngati chisa cha mpheta. Ndi Patuma amene anali pambali pa mng'ono wake mpaka pomaliza. Sabata yatha ankachapa kuseri kwa nyumba, ine ndikupukuta njinga, ndipo analankhula osanditembenukira.

"Alamu, Mariamu ndipita naye ku Namwera. Ndanena kale kwa amalume."

"Ali pasukulu kuno, alamu."

"Ku Namwera kulibe sukulu? Kumeneko n'kumtunda, madzi safikako. Inu ndinu mwamuna, ndipo mukadali mwana. Chaka sichitha mukwatira. Mwana wa mng'ono wanga azidzatsuka mbale za mkazi wina? Akadzatha msinkhu mudzamuuza chiyani, za m'mabuku?"

 Patuma anafinya chitenje, nachikutumula mwamphamvu.

"Ndiponso tsiku lija munali kuti?"

Funso limenelo ndimadzifunsanso ndekha. Ndinakauza Che Zuze ali pauvuni wake. Anatulutsa thireyi ya buledi, nandipatsa mmodzi wopserera m'mbali.

"Achimwene, idyani ndipo musayankhe. Mkamwini wolongolola amalongedza msanga. Ine ndakhala kuno kuyambira ndili kumsana, koma mkazi wanga akakwiya ndimayang'ana kumene kuli nsapato zanga."

Ndiye ndakhala chete. Ndimawerenga nkhope za anthu ngati mwana amene akudikira zotsatira za mayeso. Che Bwanali akandipatsa moni wautali ndimati zili bwino, akangokweza dzanja ndimati zatha. Tsiku lina anakana tiyi kwathu, ndipo ndinalephera kuphunzitsa. Ndinaima pabolodi choko chili m'manja, chiganizo chili pakati, mpaka mwana wina anandikumbutsa pamene ndinalekezera. Chikwama chimene ndinabwera nacho kuchokera ku Dedza ndachitsitsa pamwamba pa kabati n'kuchibwezeranso. M'mawa uliwonse ndikamaperekeza Mariamu kusukulu timadzera pa Mzere, iye akutola nkhono, ine ndikuyang'ana pamene madzi afika. Akukwerabe. Sakuthamanga, koma sanaime.

Dzulo masana Che Bwanali anafika panyumba atanyamula mtengo wosongola bwino ndi kachitini ka penti. Patuma anali atapita kuchigayo kukakonola mpunga wa sadaka. Ndinawayalira mkeka pamthunzi, koma anakhala pachitsa chimene amakonda.

"Aphunzitsi, muli ndi dzanja labwino. Chikhomo chija chawola kunsi, madzi achidya. Lembani pa ichi."

Ndinalandira mtengo uja. Unali wolemera kuposa m'mene unkaonekera.

"Ndilembe ndani, amalume?"

Anatulutsa kansalu, napukuta kumaso pang'onopang'ono.

"Malo ano ndi a ndani?"

"Ndi a mbumba."

"Mbumba ilibe dzina? Patuma ali ndi malo ake ku Namwera. Kumeneko madzi sakhala, amathamangira kuno kudzativutitsa ife. Lembani Mariamu."

Ndinaviika kamtengo m'penti. Ndalemba pabolodi zaka zonsezi, koma pamtengo ndinali ndisanalembepo. Mariamu anali atabwera kudzaona, lilime lili padzino lake logwederalo.

"Ababa, M wanuyo wapindika."

"Wapindikadi, mwanangu."

"Aphunzitsi athu akanakubwezani."

Che Bwanali anaseka mpaka kutsokomola. Nditamaliza ndinaika chikhomocho padzuwa, ndipo ndinafunsa chimene chinali pakhosi panga, ngakhale Che Zuze anandiletsa kulongolola.

"Amalume, nanga chitsulo chikalira? Mwanayu ndi wamng'ono."

"Ndikuona ndekha kuti ndi wamng'ono. Mwana wa dzino logwedera asenze beseni ladothi? Ine msana unatha, munaona nokha tsiku lija. Mlamu wanu ali ku Joni akujambulitsa majekete. Waganyu saloledwa." Anandiyang'ana. "Kapena mukufuna anthu adzazule chikhomo cha mdzukulu wanga?"

"Ayi, amalume."

"Ndiye musapite kutali. Chitsulo chija sichimveka ku Dedza."

Anadzuka movutikira, natenga kachitini kawo. Atafika pampanda anaima, osatembenuka.

"Tsiku lija nditakuonani ndi munsi ndinadabwa. Ndinati munthu uyu wasiya mkazi kuchipatala. Kenako ndinazindikira amene wakutumani. Mwana ameneyo anali ndi mutu wa amayi ake." Anatsegula chitseko cha mpanda. "Dera lonse linakuonani pamenepo. Loweruka ndidzawakumbutsa."

Musaganize kuti nkhani yatha, ana inu. Che Bwanali ndi mwini mbumba, koma si yekha amene adzalankhule. Patuma adzalankhula, ndipo zina zimene adzanene ndi zoona. Kudzabwera abale a kutsidya amene sindinadye nawo mbale imodzi. Patuma atabwera kuchokera kuchigayo anachiona chikhomo chija chikuuma padzuwa, anawerenga dzinalo, ndipo analowa m'nyumba. Madzulo ake anandiitana kuti ndione m'mene amagawira tsitsi la Mariamu asanayambe kuluka. Sindikudziwa ngati ankandiphunzitsa kapena ankandionetsa kuti sindingathe. Ndinayang'anitsitsa.

Chikhomocho tachikhoma lero m'mawa, ine ndi Mariamu. Iye anachigwira, ine ndinamenya. Madzi atsala pang'ono kufika pamene tinasinja, ndipo akuluakulu akuti chitsulo chikhoza kulira Loweruka lisanafike.

Ngati mudzakule muli kuno, mudzapeza dzina la mayi wanu pamenepo, M wake wopindika, ndipo pambuyo pake padzalembedwa dzina la mmodzi wa inu. Chitsulo chikadzalira musadzatume munthu. Ngati mudzakule muli ku Namwera, ndipo ine mudzangondiona pamaliro ndi pamaukwati, mudzadziwe kuti sindinachoke mwakufuna kwanga, ndipo mudzabwere kudzaona Mzere ngakhale kamodzi.

Chimene sindikudziwa, ndipo palibe amene angandiuze, ndi chakuti Asiyatu ankadziwa chiyani m'mawa uja. Mwina ankangoganiza za madzi olowa m'nyumba. Mwina anamva china m'thupi mwake, n'kuona kutali kuposa ine, monga ankachitira nthawi zonse. Nkhope yake sinaonetse kanthu. Anakonza duku lija, anandigwira pamkono, ndipo analankhula ngati akundituma kumsika.

"Bambo a Mariamu, pitani. Munsi uli kuseri kwa chitseko. Akakuoneni pachigawo chathu. Ine mundipeza."